Shuga wa mu ofesi wapita ku nkhondo

Angoni a ku Zolozolo: Mwadzuka bwanji nonse. Ine ndili pa mzere wa petulo kuyambira 4 koloko, mawawa akugwa, zala zakumiyendo sindikuzimvanso. Akuti thankala yadutsa kale pa Chiweta. Dzulo ankanenanso zomwezo.

Dalaivala wa Sienta: Kkkk Angoni, thankala imeneyo yakhala ikukwera Chiweta kuyambira Lolemba. Ine ndili kumbuyo kwanu ndi magalimoto 11, ndikukuonani mwafunda kabulangete ka ana kamaluwamaluwa. Alamu akudziwa kuti mwawalanda ana chofunda?

Angoni a ku Zolozolo: Amwene, ku Ntcheu kumazizira koma Mzuzu ya June ilibe m'bale. Koma sindinabwerere zimenezo. Sabata yatha kuntchito anatipachikira chikalata pa chitseko cha kukhitchini. Akuti kamba ka mavuto a zachuma omwe abwera ndi nkhondo ya ku Ukraine, tiyi wa 10 koloko azikhala wopanda shuga ndi mkaka, aliyense azibweretsa wake. Pansi pake adinda chidindo ndi kusayinira, ngati kalata ya kukhoti.

Nachisale: Ayayaya kkkkk. Shuga wa ku Dwangwa wapita liti ku Ukraine?

Angoni a ku Zolozolo: Funso limenelo ndi lomwe anafunsa mesenjala wathu, madala aulemu kwambiri. Anaima pa chitsekocho atagwira kapu, kuwerenga kawiri, kenako kufunsa motsitsa mawu kuti, kodi nzimbe zimenezi aziphulitsa ndi ndani? Tinaseka mpaka mabwana anatsegula chitseko.

Nambewe wa Mandasi: Musaseke kwambiri, ife a mandasi nkhondoyo inatipeza ndithu. Ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira zinakwera mu 2022 moti ndinayamba kuumba mandasi aang'ono ngati dzira la njiwa. Kasitomala wina anandifunsa ngati ndikugulitsa mandasi kapena mbewu yake.

Aphunzitsi: Mayi Nambewe akunena zoona. Russia ndi Ukraine ndi ena mwa mayiko omwe amagulitsa tirigu wambiri kunja, ndipo Ukraine inkatsogola pa mafuta a mpendadzuwa. Asilikali a Russia atalowa pa 24 February 2022, madoko a pa Black Sea anatsekeka, sitima zinaima. Feteleza chimodzimodzi: wa urea amapangidwa ndi gasi, ndipo Russia ndi mwini gasi komanso mwini feteleza. Zimenezo si zopeka. Koma shuga wa Angoni ndi nkhani ina. Kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mizere ya mafutayi gwero lake ndi kusowa kwa madola. Nkhondo yasanduka ngati maliro a pamudzi, aliyense wochedwa ku ntchito akuti ndinali kusiwa.

Angoni a ku Zolozolo: Aphunzitsi mwalasa. Chondiwawa n'chakuti sabata yomweyo mabwana atatu anapita ku wekishopu kunyanja ku Chintheche, masiku anayi, mutu wake kuchepetsa kuwononga ndalama. Mavautcha a alawansi ndinalemba ndine. Ndi manja angawa. Ndikumwa tiyi wowawa.

Nachisale: Ndalira.

Angoni a ku Zolozolo: Ndiye Lachisanu anatiitanira msonkhano. Abwana aakulu anaimirira, kumanga batani la jekete, n'kunena kuti anzanga, tili pa nkhondo, ndipo pa nkhondo msilikali safunsa za ovataimu. Tinali anthu asanu ndi awiri mu akaunti, atatu anachoka, sanalembe wina. Kutha kwa mwezi ndimatuluka 9 koloko usiku, magetsi akazima ndimawerengera ndi tochi ya foni itapanidwa pakamwa. Iwo 4 koloko ali kale pa Katoto kulowera kunyumba. Kazembe wathu ameneyo.

Putin wa ku Chiputula: Vuto lanu madala n'loti mulibe mtsogoleri wolimba. Onani Putin. Mayiko onse a azungu amuunjikira zilango koma bambo uja sakugwedezeka. Komanso musaiwale, anatipatsa feteleza waulere.

Dalaivala wa Sienta: Wafika mwana wa ku Moscow. Aise, ngongole ya ulendo wa ku Ekwendeni ija ubweza mu kwacha kapena mu ruble?

Putin wa ku Chiputula: Ndikupatsani pa 30 achimwene, tisasakanize nkhani.

Aphunzitsi: Feteleza anabweradi, matani 20,000, mu March 2023, wochokera ku kampani ya Uralchem. Anali atakakamira ku Netherlands chifukwa cha zilango, a WFP ndi amene anakonza sitima. Tinathokoza. Koma mwana wanga, tawerengera bwino. Thumba la sabuside linali K4,495 mu 2020, pofika 2022 linali K15,000, ndipo la m'sitolo sindikufuna n'kulitchula komwe, mtima wanga ndi wokalamba. Munthu akakuotchera nkhokwe n'kukubweretsera chimanga cha m'mbale, umathokoza mbaleyo, koma utsi sungauiwale.

Putin wa ku Chiputula: Anayamba ndi a NATO, mgwirizano wa asilikali a mayiko a azungu, kumusendera pakhomo. Inuyo mungalole neba kumanga khola la nkhumba pa windo lanu?

Nachisale: Ndiye neba akamanga khola umakapha ana ake? Iwe Chiputula, ine ndangotuluka pa shifiti ya usiku, tinali anamwino awiri pa wodi yonse, mnzanga ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Magolovesi tikuchita kuwerengera. Ndikamaona pa TV chipatala chitaphulitsidwa, ngati cha amayi oyembekezera chija cha ku Mariupol mu March 2022, sindiganiza za NATO. Ndimaganiza za namwino amene anali pa shifiti tsiku limenelo, kuti mwina nayenso ankadandaula za rosita ngati ine, mwina anasinthana ndi mnzake kuti apite ku ukwati Loweruka.

Wapampando: Abale, lamulo la gulu lino ndi lija lija: ndale ayi. Tinakhazikitsa gululi kuti tizidziwitsana komwe kuli mafuta, shuga ndi maliro.

Dalaivala wa Sienta: Wapampando, mafuta, shuga ndi maliro ndiye ndale zimenezo.

Wapampando: Chabwino, koma za kunja zokha. Wina akangotchula chipani cha kuno ndimutulutsa.

Angoni a ku Zolozolo: Ine mbali ndilibe. Chomwe ndaona n'chakuti atsogoleri a nkhondo ndi abwana anga anaphunzira sukulu imodzi. Choyamba, satchula chinthu ndi dzina lake. Putin nkhondo yake anaitcha ntchito yapadera ya asilikali, ndipo mu March 2022 anakhazikitsa lamulo loti wofalitsa zomwe boma lati ndi zabodza zokhudza asilikali akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 15. Kwathu kuchotsa anthu ntchito amati kukonzanso kayendetsedwe. Kudula malipiro amati kugawana katundu.

Nambewe wa Mandasi: Ndiye ine mandasi aang'ono aja ndiziti mandasi apadera.

Dalaivala wa Sienta: Kkkkk ndipo wonena kuti achepa zaka 15 kwa Maula.

Angoni a ku Zolozolo: Chinanso, tebulo. Mukukumbukira chithunzi chija cha Putin ndi Macron wa ku France mu February 2022, wina uku wina uko, pakati mtunda woti mungadzalepo mizere ya chinangwa? Abwana anga ali ndi lotero. Ukalowa kukapempha tchuthi umayenda mpaka kuiwala chomwe wadzera.

Putin wa ku Chiputula: Nanga Zelensky wanu wa ku Ukraine uja? Munthu wa zisudzo. Ankasewera pa TV ngati pulezidenti, anthu n'kumuvotera zenizeni. Nthawi yake inatha mu May 2024, chisankho sanachititse.

Aphunzitsi: Zoti anali wa zisudzo ndi zoona, ndipo anapambana mu 2019 ndi mavoti oposa 70 pa 100 aliwonse. Za chisankho, malamulo awo salola kuvota dziko lili pansi pa ulamuliro wa nthawi ya nkhondo, komanso anthu mamiliyoni anathawa, ena ali m'maenje kumalire. Ukavotera kuti? Chomwe ndimamupatsira ulemu n'chakuti masiku oyambirira aja sanathawe mu Kyiv, pomwe ambiri ankayesa kuti mzindawo ugwa sabata isanathe. Koma usaganize kuti ndimuyeretsa. Mu January 2023 kunaphulika nkhani yoti unduna wa zachitetezo unkagula chakudya cha asilikali pa mitengo yokwera, mazira ndiwo anatchuka. Nduna yake, Reznikov, inachoka mu September chaka chomwecho. Mu August 2023 Zelensky anachotsa akuluakulu onse a m'zigawo olemba anthu usilikali chifukwa cha ziphuphu. Tanthauzo lake mwalimva? Mwana wa wolemera amagula chikalata cha dokotala, mwana wa mlimi amakwera lole.

Nachisale: Mazira! Ndiye kuti a pulokyuwamenti ndi amodzi dziko lonse lapansi.

Aphunzitsi: Ndipo kwa Putin wako, mwana wanga, wachiwiri kwa nduna ya zachitetezo, Timur Ivanov, anamangidwa mu April 2024 pa mlandu wa ziphuphu. Mu September 2022 Putin atalengeza kuti akufuna amuna 300,000 ku nkhondo, mizere ya magalimoto othawira ku Georgia ndi Kazakhstan inaposa ya Angoniyi. Prigozhin, yemwe ankamuphikira ndi kumumenyera nkhondo, anatembenuza asilikali ake a Wagner kulunjika ku Moscow mu June 2023, patangotha miyezi iwiri ndege yake inagwa. Chikomekome cha mkuyu.

Putin wa ku Chiputula: Zimenezo ndi nkhani za BBC.

Dalaivala wa Sienta: Iwe zako umazitenga kuti, ku Taifa Market?

Nambewe wa Mandasi: Musiyeni mwana, akakula adzasankha Putin wina. Koma Chiputula, ngati umamukonda chonchi bwanji osapita? Ndamva amalemba ndi akunja omwe.

Aphunzitsi: Mayi, nthabwala imeneyo ine imandilasa. Mnyamata wa ku Zambia konkuno, yemwe anapita ku Moscow kukaphunzira, anamangidwa, a Wagner anamutenga m'ndende, n'kukafera ku Ukraine mu September 2022. Makolo anatumiza mwana ku sukulu, analandira bokosi. Dzina la bambo ake ndi la konkuno kumpoto, mukanalimva pa maliro ku Rumphi simukanadabwa. Chiputula, khala pompano uzitisowetsa mtendere, ndi bwino.

Putin wa ku Chiputula: Sindinati ndikupita madala. Kumazizira.

Dalaivala wa Sienta: Munthu wolephera June wa Mzuzu akufuna Siberia kkkkk.

Angoni a ku Zolozolo: Abwana angondiimbira. Akuti lipoti la mwezi lili kuti. Ndati bwana ndili pa mzere wa mafuta. Akuti gwiritsani ntchito nzeru. Ndathira nzeru mu thanki, galimoto sikulira.

Nachisale: Auzeni kuti lipoti lachedwa kamba ka nkhondo ya ku Ukraine. Dindani chidindo.

Angoni a ku Zolozolo: Achemwali mukufuna ana anga adye chidindo? Nthabwala pambali, mutu ukumandiwawa kumbuyoku tsiku lililonse. Usiku ndimalota manambala osagwirizana. Tsiku lina ndinadzuka 2 koloko kufunsa mayi a kunyumba kuti risiti ya simenti ili kuti, iwo n'kuti simenti yanji, tikukhala nyumba ya lendi.

Nachisale: Angoni, zoseka tiseke, koma mukapimitse BP. Mutu wa kumbuyo ndi kusagona si zocheza nazo. Ndaona amuna a msinkhu wanu akubwera atawanyamula, mkamwa mutapotoka, ndipo kuntchito kwawo mpando umakhala utapeza mwini sabata isanathe. Kupima sikutenga mphindi zisanu. Ndipo chepetsani kanyenya wa mchere uja ndimakuonani naye Loweruka.

Angoni a ku Zolozolo: Shuga andilanda abwana, mchere mundilandenso inu. Nditsala ndi madzi otentha.

Mayi a Tadala: Ndakhala ndikungowerenga. Pepani ndilowererepo, mwina nditalikitsa. Inu mukukamba nkhondo ya pa TV. Ine bambo a Tadala anali ku Congo ndi gulu la SADC lija. Kumapeto kwa January 2025, zigawenga za M23 zikulowa mu mzinda wa Goma, foni yawo inangoti zii. Masiku asanu. Ndinkagona foni ili pachifuwa, kuitchaja kwa aneba magetsi akazima, kuopa kuti angaimbe ili yozima. Kenako pa Facebook anthu anayamba kulemba kuti asilikali atatu a Malawi afa, mayina osatchula. Mukudziwa kuwawa kwake kwa mawu akuti atatu? Akazi tonse a m'malayini tinkangoyang'anana pa mpopi, aliyense akupemphera kuti asakhale wake, kenako n'kuchita manyazi chifukwa pemphero limenelo likutanthauza kuti akhale wa mnzako. Galimoto iliyonse ikaima pafupi ndi nyumba miyendo inkafooka. Tadala anali mu Sitandade 4, anabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa kuti amayi, Goma ndi kutali kuposa Karonga? Anzake anali atamuuza kale.

Nachisale: Mayi a Tadala, pepani. Sitinadziwe.

Wapampando: Pitirizani mayi, tikumva.

Mayi a Tadala: Anaimba tsiku lachisanu ndi chimodzi, mawu awiri okha, ndili moyo, foni n'kuduka. A South Africa anataya 14, ife atatu, a Tanzania awiri. A Chakwera analamula mu February kuti asilikali akonzekere kubwerera, SADC inathetsa ntchitoyo mu March, koma anthu anayamba kutuluka kumapeto kwa April, pa msewu, kudzera mu Rwanda momwemo kupita ku Tanzania. Miyezi yonseyo ali m'kampu, ozunguliridwa ndi anthu omwe ankamenyana nawo. Ine chomwe chinandipsetsa mtima si M23, chigawenga ndi chigawenga. Ndi misonkhano. Nkhondo ikuyandikira Goma, pulezidenti wa Congo a Tshisekedi anali ku msonkhano ku Davos, ku Switzerland. Msonkhano wa ku Dar es Salaam pa 8 February, a Kagame a ku Rwanda anapita, eni dziko a Tshisekedi analankhula pa kanema. Kenako mu March ndikuona chithunzi, awiriwo akhala pa mipando yofewa ku Doha, mfumu ya Qatar ili pakati. Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndinati kani mumatha kukhala m'chipinda chimodzi? Nanga bwanji simunakhale mu December, anthu asanaikidwe m'manda?

Dalaivala wa Sienta: Eish.

Nambewe wa Mandasi: Panopa ali bwanji bambowo?

Mayi a Tadala: Thupi lili bwino, anangoonda. Koma salankhula za kumeneko. Nkhani zikayamba pa TV amachotsa mawu, n'kumangoonera zithunzi. Tsiku lina chitseko cha bafa chinamenyetseka ndi mphepo, munthu wamkulu anagwetsa mbale ya nsima. Tadala anaseka, iwonso anaseka, koma dzanja linkanjenjemera mpaka ndinawadyetsa nkhani zina. Ndiye Angoni, abwana anu akadzanenanso kuti tili pa nkhondo, mudzawapatse nambala yanga.

Angoni a ku Zolozolo: Mayi, ndachita manyazi ndi shuga wanga.

Mayi a Tadala: Ayi musatero, chikalata chanucho ndawawerengera, aseka mpaka kutsokomola. Akuti ku Congo tiyi anali ndi shuga.

Dalaivala wa Sienta: Kkkkkkk Angoni, ofesi yanu yaposa Goma.

Aphunzitsi: Mupereke moni kwa bambo a Tadala, muwauze kuti madala ena ku Katawa avula chipewa. Aka si koyamba ana athu kufera ku Congo. Mu November 2018 tinataya asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni, mmodzi wa iwo Chancy Chitete, yemwe anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania, ndipo UN inamupatsa mendulo yake yapamwamba mu 2019. Koma mundilole ndibwerere m'mbuyo, uphunzitsi suchoka. Amene ali ndi K2,000 m'thumba aitulutse.

Nambewe wa Mandasi: Pa 24 mwezi, Aphunzitsi? Tingokhulupirira.

Aphunzitsi: Nkhope ili pamenepo ndi ya John Chilembwe. Ana amaloweza za kuukira kwa January 1915, koma chomwe chinachitika miyezi iwiri m'mbuyo mwake ambiri sachidziwa. Pa 9 September 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, Angerezi ndi Ajeremani, koma ambiri mwa ogwira mfuti ndi ofa mbali zonse anali anthu akuda. Manda alipo mpaka lero. Mu November Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yoti ngati kuli nkhondo apite olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi omwe alibe kanthu ndipo akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma la atsamunda linaitsekereza kalatayo. Pambuyo pake anthu miyandamiyanda anagwidwa utengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Agogo anga ankasimba za mchimwene wawo yemwe anatengedwa akulima, khasu linatsala m'munda.

Putin wa ku Chiputula: Ndiye Chilembwe akanakhala mbali ya Russia, ankadana ndi azungu.

Nachisale: Iwe, a ku Russia ndi akuda?

Dalaivala wa Sienta: Wapampando, mwana uyu mutulutseni kwa mphindi khumi akapume mpweya.

Aphunzitsi: Musiyeni, kalasi yopanda wotere imagonetsa. Ndikupatseni ina yoti museke, ya pa nyanja yathu yomweyi. Mu August 1914 Angerezi anali ndi sitima yotchedwa Gwendolen, Ajeremani anali ndi Hermann von Wissmann, yomwe inali pamtunda kutsidya, ku Liuli, ikukonzedwa. Akapitawo a sitima ziwirizi ankadziwana, amati ankamwera limodzi. Mngerezi analandira uthenga woti nkhondo yayamba, anawoloka n'kukaiwombera sitima ya mnzakeyo. Mjeremani uthenga unali usanamufike. Amati anapalasa bwato kubwera kudzakalipa, akuyesa kuti mnzake waledzera. Mfuti ya Gwendolen ili ku Mangochi pafupi ndi chipilala cha wotchi, mukadzapita mukaione.

Angoni a ku Zolozolo: Mjeremani ameneyo ndine. Zosintha zonse za kuntchito ndimazimva zitandiwomba kale.

Nambewe wa Mandasi: Koma abale, atsogoleri a kuno ku Africa anapitako kukayanjanitsa, zinatha bwanji?

Aphunzitsi: June 2023. A Ramaphosa, a Hichilema, a Macky Sall ndi ena anapita ku Kyiv pa sitima ya pamtunda, tsiku lomwelo mizinga inalira mu mzindamo. Mawa lake anakaonana ndi Putin ku St Petersburg, iye anawadula pakati n'kuyamba kuwafotokozera mbali yake. Patangotha mwezi Russia inatuluka mu mgwirizano wolola tirigu kudutsa pa Black Sea.

Dalaivala wa Sienta: Ngati ankhoswe opita kukayanjanitsa banja, mwamuna n'kuwaonetsa risiti ya malowolo.

Nachisale: Ndipo ya ku White House ija ya February 2025, Zelensky akukalipiridwa ndi Trump ndi Vance pamaso pa makamera, mtolankhani wina n'kumufunsa chifukwa chake savala suti. Anthu akufa, funso ndi suti. Ndinakumbuka tsiku lomwe ndinagwira maola 16, wodwala atatu ovutika kwambiri, m'mawa akuluakulu ena pondiona anangoti sisitala, nsapato zimenezo si za yunifolomu.

Mayi a Tadala: Ndi momwemo achemwali. Amaona nsapato chifukwa ndi zomwe zimaoneka ukakhala pa mpando.

Putin wa ku Chiputula: Komabe pamapeto pake Russia ipambana, mudzandiuza.

Mayi a Tadala: Ikadzapambana udzabwere kunyumba, udzawafotokozere bambo a Tadala kuti kupambana kumaoneka bwanji. Tiyi ndikupatsa wa shuga.

Putin wa ku Chiputula: Pepani mayi, sindimanena inu.

Wapampando: Chabwino, tabwererani ku ntchito ya gulu. Ndani ali ndi uthenga wa mafuta? Ku Luwinga akuti kuli dizilo yekha.

Dalaivala wa Sienta: Taimani. Kukubwera chinachake kuchokera ku raundabauti. Anyamata a zigubu ayamba kuthamanga. Akabaza onse atembenuka.

Nambewe wa Mandasi: Ndi ya madzi imeneyo, musadzivute.

Dalaivala wa Sienta: Ayi ndi yeniyeni, nambala ya ku Tanzania, matope mpaka pagalasi. Yakhota! Yalowa! Anthu akuimba m'manja ngati mkwatibwi wafika. Mayi wina akulira nthungululu.

Nachisale: Funsani kaye ngati ndi petulo musanavine.

Dalaivala wa Sienta: Petulo. Akuti ayambe atsitsa, kenako K30,000 galimoto iliyonse, zigubu ayi. Angoni pindani bulangete.

Angoni a ku Zolozolo: Abwana aimbanso. Ndimayesa za lipoti. Akuti amva kuti pano pafika mafuta, ndiye popeza ndili kutsogolo, atumiza mnyamata ndi galimoto yawo kuti ndimulowetse patsogolo panga. Akuti tigwirane manja, nthawi ino ndi yovuta.

Mayi a Tadala: Mwayankha chiyani?

Angoni a ku Zolozolo: Ndati netiweki ikuvuta bwana, halo, halo.

Nachisale: Kkkkk mendulo ipite kwa Angoni.

Angoni a ku Zolozolo: Musafulumire. Mzere wayamba kuyenda, ndapotokola kiyi, galimoto yangoti kete kete. Batire yatha. Ndakhala ndikumvera nkhani pa wailesi kuyambira 4 koloko, ndi kutchaja foni yokambira nanu. A kumbuyo ayamba mahutala. Amwene a Sienta tabwerani ndi anyamata awiri mudzandikankhe, ndi pamtsetse pang'ono, igwira mu giya yachiwiri.

Dalaivala wa Sienta: Ndikachoka pano malo anga alowa ena. Chiputula uli kuti? Bwera udzakankhe, ngongole ija ndichotsako K500.

Putin wa ku Chiputula: K1,000.

Dalaivala wa Sienta: K700, ndipo uthamange, a minibasi ayamba kale kumuzungulira.